Kumene inachokera diresi ya zingwe kumsana imene yadzaza maukwati a ku Chipata

Aliyense amene wapita ku ukwati kapena ku kicheni pate muno mu Chipata zaka zino waiona: diresi yothina kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno, youma mwakuti imaima yokha, kumsana kuli zingwe zopingasana zimene aperekezi amakoka mkwatibwi atagwira mpando. Atelala a ku Kapata ndi ku Down Shops amangoti koseti. Akuluakulu ena a mpingo saifuna, amati ndi za pafoni. N'zoona kuti atsikana masitayilo ambiri amawaonera pa Instagram, makamaka a ku Lagos, koma chovalachi n'chakale kuposa tauni yathu ino.

Ku Ulaya akazi a m'nyumba za mafumu anayamba kuchivala m'zaka za m'ma 1500, ndipo chinali cham'kati. Ankasanjikiza nsalu zolimba n'kulowetsa pakati pake timizere tochokera m'kamwa mwa namgumi, timene nyamayo imasefera chakudya m'nyanja. Tinkapindika koma osathyoka msanga. Chifanizo cha Mfumukazi Elizabeth I ya ku England chimene anachipangira maliro ake mu 1603 anachiveka koseti, ndipo ikusungidwabe ku tchalitchi cha Westminster Abbey ku London. Kuthina koopsa kuja kunadza pambuyo pake, m'ma 1820, atayamba kuika timphete tachitsulo m'mabowo a zingwe. Kale ukakoka kwambiri nsalu inkang'ambika, tsopano panalibenso choletsa, ndipo madokotala anayamba kudandaula za akazi opuma movutikira. Komabe ambiri, antchito omwe, ankaimanga mosapyola muyezo kuti ingochirikiza mabere ndi msana, poti bra inali isanafale.

Pa 10 February 1840 Mfumukazi Victoria ya ku Britain anakwatiwa atavala diresi yoyera, yopyapyala m'chiuno, yotambalala kumunsi. Kuyambira pamenepo ndimo anthu ambiri anayamba kuganizira maonekedwe a mkwatibwi, ndipo maganizowo anayenda ndi Angerezi kulikonse kumene anapita.

Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, maganizowo anafika kuno. Chaka chotsatira kunakhazikitsidwa Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndipo amishoni a Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Magwero, kenako ya Madzimoyo. Akazi achizungu a nthawiyo ankavala koseti m'kati mwa madiresi awo, koma siyo anasiyira agogo athu. Pophunzitsa kusoka, cholinga chinali chovala chomasuka chophimba thupi, choyenera kulowa nacho m'tchalitchi. Tinalandira diresi yoyera ndi lamulo lophimba mapewa, koseti inatsalira kwa eni ake.

Apa ndi pamene ine ndikuona gwero la mkangano wa lero. Kwathu chiuno cha mkazi chinali ndi chokongoletsa chake kale, mikanda, koma imavalidwa m'kati, ndipo anamkungwi amaphunzitsa namwali kuti woiona ndi mwamuna wake yekha. Chitenje nachonso chimamangidwa kuti chibise. Mwambo wa makolo ndi chiphunzitso cha mishoni, zimene zinkakangana pa Nyau ndi chinamwali, pa nkhani iyi zinagwirizana. Ndiye gogo akaona mdzukulu wake atajambulidwa chiuno chonse pamaso pa apongozi, kukwinya nkhope kwake si umbuli ayi. Akuona chinthu cha kuchipinda chitatulutsidwa pabwalo.

Ku Ulaya komweko kutuluka pabwalo n'kwatsopano. Koseti inazilala pa nkhondo yoyamba yadziko lonse, moti mu 1917 boma la America linapempha akazi kusiya kuigula kuti chitsulo chipite ku nkhondo. Christian Dior, katswiri wa zovala wa ku Paris, anabwezeretsa chiuno chopyapyala mu 1947, koma mmodzi mwa amene anaika koseti kunja kuti ikhale chovala choonekera ndi Vivienne Westwood wa ku London mu 1987, atatengera kasokedwe ka m'ma 1700. Madiresi a ukwati anatsatira, ndipo kwathu anafika kudzera m'mabelo a salaula, m'mashopu a ku Kamwala ku Lusaka, kenako pafoni.

Chimene chinaikhazika kuno, m'kuona kwanga, ndi zingwe zija. Akwatibwi ambiri diresi yoyera sagula, amachita hayala. Ya zipi imakwana munthu wa thupi limodzi basi, pamene ya zingwe lero ivala wochepa thupi wa ku Mchini, Loweruka linalo wonenepa wa ku Katete, osaidula paliponse. Wobwereketsa amapindula, mkwatibwinso sada nkhawa akanenepa kapena kuonda tsiku lisanafike.

Luso lenileni likuoneka pa ya chitenje. Nsaluyi ndi ya thonje, sitamuka, choncho telala amaika nsalu ina yolimba m'kati, n'kusoka tinjira tolowetsamo timizere tapulasitiki tomwe iwo amati boning, uku akusamala kuti maluwa a chitenje akumane bwino pamsoko uliwonse. Amadziwanso kuti mkwatibwi wa kuno saima chabe pojambulitsa. Pa kicheni pate amagwada, amakhala pansi atatambasula miyendo, amagona chammbali pothokoza makolo, ndipo aperekezi ali ndi masitepe oti avine. Koseti yaitali yofika pamatako monga ya pazithunzi za ku Lagos imabaya pamimba munthu akangogwada. N'chifukwa chake telala wodziwa ntchito amaidulira m'chiuno penipeni, ndipo poyeza amauza mwini wake kuti agwade pansi kaye n'kupuma mokoka. Pa za tchalitchi, mabanja ambiri amasoketsa kajekete ka lesi kophimba mapewa, mkwatibwi amakavala pamaso pa abusa kapena ansembe n'kukavula akafika ku holo.