Foni iwerenge masitepe, koma woyenda ndi mwana

Mwana akachira khansa n'kubwerera kunyumba, makolo ambiri amamusunga ngati dzira. Kumjigo asapite, chikulunga asamenye, azingokhala pamphasa pakhonde. Mantha amenewa ndimawamvetsa. Koma pantchito yanga ya mafizo ndimaona zotsatira zake: mwana wa zaka 10 akupumira m'mwamba pa kamtunda kopita kusukulu, chikhalirecho chotupa chinatha chaka chatha.

Kufooka kumeneku si ulesi. Mankhwala a vincristine, omwe amaperekedwa pa khansa ya Burkitt ndiponso ya impso yotchedwa Wilms, amatha kukhudza mitsempha ya kumapazi, mwana n'kumakoka phazi kapena kupunthwapunthwa. Mankhwala ena, a doxorubicin, amatha kufooketsa mtima, nthawi zina patapita zaka. A prednisolone amachepetsa mphamvu za minofu ndi mafupa. Onjezanipo masabata ogona pabedi ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Thupi lotere likamangokhala limafookerafookera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamangathamanga mphindi 60 patsiku, ndipo wochira khansa naye tifuna afikeko, pang'onopang'ono.

Foni imalowa apa. Mafoni ambiri amakono ali ndi kachipangizo kamene kamamva kugwedezeka kwa thupi, n'kuwerenga masitepe, ngakhale bandulo itatha. Ku America anayesapo kuveka achinyamata ochira khansa kawotchi kowerenga masitepe ka Fitbit ndi kuwaika m'gulu la Facebook loti azilimbikitsana. Ambiri anakavala ndithu, koma kusiyana kwawo ndi anzawo opanda kawotchi pa kuthamangathamanga sikunali kwakukulu. Ine sindidabwa. Kawotchi kamasangalatsa sabata zoyamba, kenako kamaiwalika pawindo.

Phindu lenileni ndimaliona kwa makolo. Mayi wina ankakana kwamtuwagalu kuti mwana wawo azisewera. Ndinati, "Mayi, foni yanuyo muike m'thumba la kabudula wake akaweruka kusukulu, madzulo mulembe nambala m'kope." Patatha sabata anabwera ndi kope lija. Nambala zinali zochepa moti iwo eni anagwira pakamwa. Tinagwirizana kuwonjezera pang'ono sabata iliyonse: lero kukagula tomato, mawa kuperekeza mkulu wake kuchigayo. Chinawachotsa mantha ndi kuona nambala zikukwera mwana osadwala, osati mawu anga.

Musapikisanitse mwana wochira ndi anzake, azipikisana ndi nambala yake ya sabata yatha. Dziwaninso kuti foni siwerenga bwino kupalasa njinga, ndipo mwana wochenjera amangoigwedeza ali chikhalire (ndagwirapo oposa mmodzi). Ngati muli ndi foni ya mabatani yokha, itcheni alamu ya mphindi 10, ana alumphe chingwe kapena asewere phada mpaka ilire. Mabanja amene anadziwana kuwodi akhoza kutumizirana nambala pa WhatsApp, koma asatumize zithunzi za mwana kapena mbiri ya matenda ake m'magulu a anthu osawadziwa.

Musanayambe, funsani adokotala amene ankamuona, makamaka ngati analandira doxorubicin, anachotsedwa impso imodzi kapena diso, kapena anachitidwa opaleshoni ya fupa. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, mtima kugunda modumphadumpha, kapena mapazi akatupa, asiye kaye ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kope la nambala lili m'manja.