Njanji inathera ku Salima: chifukwa chake mzinda wa Mzuzu ulibe siteshoni

Mwa malikulu atatu a zigawo za dziko lino, Mzuzu yekha ndiye sanamvepo kulira kwa sitima yapamtunda. Ambiri kuno amati chigawo cha kumpoto chinangoiwalidwa, ena amati vuto ndi mapiri. Zonse ziwiri zili ndi choona chake, koma nkhaniyi inayamba mzindawu usanabadwe n'komwe.

Njanji yoyamba, ya kampani ya Shire Highlands Railway, inatsegulidwa mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kukafika ku Blantyre. Sanaimangire anthu apaulendo ayi. Cholinga chinali kutulutsa fodya, thonje ndi tiyi wa m'maesiteti a azungu. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatha, sitima n'kuyamba kufika ku doko la Beira osadukiza pamtsinjewo, ndipo chaka chomwecho njanji inakwera kudzera ku Balaka ndi Chipoka mpaka ku Salima. Apo m'pamene inaima. Nthawi imeneyo tauni ya Mzuzu kunalibe. Inadzayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pozungulira esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, ndipo inakhala mzinda mu 1985.

Atsamunda anali ndi yankho lawo pa za kumpoto: nyanja. Munthu wochokera ku Limbe ankatsika sitima pa Chipoka, pamene njanji imagunda gombe, n'kukwera sitima yapamadzi mpaka ku Nkhata Bay. Kuchokera apo ankakwera galimoto ulendo wa makilomita pafupifupi 47 kufika mu Mzuzu. Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951, inali ngati kupitiriza kwa njanji ija pamadzi, ndipo kwa zaka zambiri sitima zapanyanja zinkayendetsedwa ndi kampani yomweyo ya njanji. Choncho siteshoni yeniyeni ya anthu a ku Mzuzu inali Chipoka, ngakhale inali kutali chotero.

Njira imeneyi inali ndi chilema chimene sichinachoke. Thumba limodzi la feteleza linkatsitsidwa m'bogi, kukwezedwa m'sitima yapamadzi, kutsitsidwa padoko, kenako kukwezedwa m'lole. Paliponse pamene katundu wasintha chonyamulira, matumba amang'ambika, ena amasowa, ndipo masiku amapita podikira kuti ndandanda ya sitima ziwirizo igwirizane. Komanso madzi a m'nyanja akatsika, mchenga n'kuunjikana padoko, sitima yolemera siingakocheze pa Chipoka. Msewu wa M1 utakhala wa tala, amalonda anasankha lole yomwe imanyamula kamodzi n'kutsitsa kamodzi.

Boma la Dr Kamuzu Banda linawonjezera njanji, koma osati yoloza kuno. Mu 1970 inatsegulidwa ya ku Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, yopita ku doko la Nacala. Kenako, ndi thandizo la dziko la Canada, njanji inachoka ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Apa ndi pamene dandaulo la anthu akumpoto lili ndi mphamvu: itafika ku Salima, njanji inakhotetsedwa kumadzulo pamene ikanatha kutsata gombe kulowera ku Nkhotakota.

Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, dziko linatembenukira kumpoto mokakamizika. Katundu ankachoka ku Dar es Salaam pa njanji ya TAZARA, yolumikiza Tanzania ndi Zambia, mpaka ku Mbeya, pa msewu mpaka ku doko la Chilumba, panyanja mpaka ku Chipoka. Ngakhale pamenepo sanayale mtanda umodzi wa njanji m'chigawo chino.

Za mapiri nazo tisazinyoze. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe gombe la Nkhata Bay lili pa mamita pafupifupi 475. Kusiyana kwake ndi mamita 775. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo siligwira ngati tayala pa tala. Pachitunda, makamaka kukanyowa monga kumachitira kuno nthawi zambiri, limangozungulira pamalo amodzi, ndiye chifukwa chake mutu wa sitima umayenda ndi mchenga wothira panjanji. Kuti sitima ikoke mabogi ambiri odzaza, njanji imafunika kukwera pang'onopang'ono, tinene mita imodzi pa mamita 80 alionse. Pa muyeso umenewo, kukwera mamita 775 kungafune njanji ya makilomita 62 yokhotakhota m'mbali mwa mapiri, ndi milatho, ndi kuboola miyala, pa nthaka imene imagumuka mvula ikachuluka. Kulowera ku Lilongwe kuli mapiri a Viphya. Kulowera ku Karonga kuli chitsikiro cha Chiweta, chimene ngakhale malole amachiopa.

Njira ya m'mphepete mwa nyanja, yochoka ku Salima kudzera ku Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, ndi ya makilomita pafupifupi 300 ndipo mbali yaikulu ndi yachidikha. Mdani wake ndi madzi. Mitsinje ngati Bua, Dwangwa ndi Luweya imasefukira, ndipo dziko lino likudziwa kale mtengo wa zimenezi: njanji inakokoloka ku Chiromo mu 1997, ndipo mlatho wa Rivirivi utagwa mu 2003 unadula Lilongwe kwa zaka ziwiri.

Sitima ya anthu payokha siibweza ndalama zomangira njanji. Chimene chimalipira ndi katundu wolemera wa tsiku ndi tsiku, monga momwe malasha a ku Moatize, ku Mozambique, anamangitsira njanji yatsopano yodutsa ku Nkaya. Kumpoto kuno katundu wotere alipo: matabwa a ku Chikangawa, malasha a ku Mchenga, shuga wa ku Dwangwa m'njira, mafuta ochokera ku Tanzania. Ubwino winanso ngwakuti njanji ya Malawi ndi ya TAZARA n'zofanana kutambalala, mamilimita 1,067, kotero zitalumikizidwa bogi yochoka ku Limbe ingafike ku Mbeya osatsitsa katundu. Koma njanji yoteroyo ingatsate kumunsi, kunyanja. Siteshoni ya anthu a mu Mzuzu ikadzamangidwa, n'kutheka kwambiri kuti idzakhala cha ku Nkhata Bay, ndipo msewu wa M5 ndi umene udzakweze anthu ndi katundu kufika mumzinda.