Musamange buledi ya macheka pa grinder, ndapota nanu

Pali funso limodzi limene landitopetsa. "Amisiri, grinder ndili nayo kale, macheka amagetsi ndigulirenji? Bwanji ndingomangapo buledi ya mano n'kumadulira matabwa?" Grinder ndi makina aja amagetsi ogwira m'manja, odulira ndi kupala zitsulo. Ofunsawo ndi anthu abwinobwino, okonda ntchito yamanja, amene akaweruka amalowa m'kashedi kawo kukapanga mashelefu, timipando, tigalimoto tamatabwa ndi tingalawa tokongoletsera m'nyumba. Yankho langa silisintha: musatero. Ndikatero, pafupifupi aliyense amandibwezera mawu amodzimodzi, akuti "ine ndimasamala." Mawu amenewa ndi amene amandiopsa kwambiri, chifukwa pa nkhani iyi kusamala kulibe mphamvu imene mukuiganizira.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Grinder yaing'ono ya disiki ya mamilimita 115, imene ambiri muli nayo, imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi imodzi. Ndiye kuti pa sekondi iliyonse yazungulira maulendo opitirira 180. Munthu watcheru, wosatopa, amatenga pafupifupi kota ya sekondi kuti maso aone ngozi, ubongo ulamule, dzanja lisunthe. M'kanthawi kameneko buledi yazungulira maulendo 45. Ngati ili ndi mano 24, mano oposa 1,000 adutsa pamalo amodzi. Malowo akakhala dzanja lanu, mumadzidzimuka zonse zitatha kale.

Mwina muti, nanga disiki yodulira zitsulo siizungulira liwiro lomwelo? Inde, koma kadyedwe kake n'kosiyana. Disiki ija ilibe mano, imanyenya chitsulo pang'onopang'ono nayonso ikumaperepeseka. Dzino la macheka ndi lokola. Thabwanso si chinthu chofanana paliponse. Lili ndi mfundo zolimba, nthawi zina muli msomali wakale wobisika, ndipo mukamalidula limatha kutsekeka n'kutsina buledi, makamaka likakhala losauma bwino kapena mwalikhazika mbali zonse ziwiri n'kumadula pakati. Dzino likakola, injini siima. Mphamvu yonse imene imazunguliza buledi imatembenukira ku grinder yeniyeniyo, ndipo imadumpha. Kodumphira kwake sikwachilendo: kudzanja limene lagwira thabwa, kuntchafu, pamimba, pakhosi kapena kumaso.

Macheka amagetsi nawonso amadumpha, sindikana. Koma tawayang'anani bwino mmene anawapangira. Ali ndi chitsulo chafulati pansi chimene chimatsamira pathabwa, kotero buledi siipendekeka. Ali ndi chotchinga cha sipuling'i chimene chimadzitsekera chokha mukangowanyamula. Mumatha kutchera kuya kwa buledi kuti mano angotulukira pang'ono kunsi kwa thabwa. Mukachotsa chala pa swichi, injini imazima. Ndipo ambiri a buledi ya mamilimita 185 amazungulira maulendo pafupifupi 5,000 pa mphindi, theka la liwiro la grinder. Pa zonsezi grinder ilibe n'chimodzi chomwe. Buledi ili m'malere, manja anu ndiwo akuiwongolera, ndipo ma grinder ambiri swichi yake ndi yokankha n'kukhazikika. Ikakupulumukani siizima. Imagwa pansi ikuzungulirabe, n'kumathamanga pakati pa miyendo yanu mpaka pulagi itazuka.

Chimene chimandipsetsa mtima koposa ndi ichi. Munthu amagula buledi yaikulu, napeza kuti siikulowa chifukwa chotchinga cha grinder chikuletsa, ndiye amamasula chotchingacho n'kuchiponya m'bokosi. Bowo la buledi likapanda kugwirizana ndi shafuti ya grinder, amalikuza ndi fayilo kapena kuikirira mawasha, buledi n'kumazungulira mopotoka. Pa buledi iliyonse yabwino analembapo liwiro limene siyenera kupitirira. Werengani nambala imeneyo, muiyerekeze ndi yolembedwa pa grinder yanu. Mano a buledi zamakono ndi tizidutswa ta carbide, chinthu cholimba kwambiri, tochita kuwotchereredwa pachitsulo. Mukazunguliza mopyola muyezo n'kugunda msomali, kadzino kamathothoka n'kuuluka ngati chipolopolo. Palinso madisiki ena ozunguliridwa ndi tcheni cha macheka, amene amagulitsidwa pa intaneti kuti ndi osemera matabwa. Mu 2021 ofesi ya boma la Britain yoona za chitetezo cha katundu inatulutsa chenjezo louza anthu kuti asiye kuwagwiritsa ntchito, anthu atavulala nawo modetsa nkhawa. Akugulitsidwabe m'malo ambiri, koma kupezeka pamsika sikutanthauza kuti ndi otetezeka.

Za mavidiyo a pa YouTube, TikTok ndi Facebook oonetsa "nzeru zatsopano" za grinder, ndingonena kuti wojambulayo amakuonetsani tsiku limene zinamuyendera. Amene anavulala sajambula, ndipo wogulitsa buledi sadzabwera kudzakuonani m'chipatala.

Nanga muzidulira chiyani? Ntchito zambiri zimene mumachita m'kashedi sizifuna liwiro ayi. Thabwa la shelefu, macheka amanja akuthwa amalidula musanatuluke n'thukuta lomwe. Tizidutswa ta tigalimoto ndi tingalawa timafuna macheka a mano ang'onoang'ono, ndipo pokhota pamafuna aja a buledi yopyapyala yomangidwa pa chitsulo chopindika. Mukafuna chamagetsi, jigsaw, macheka aja a kabuledi kowongoka koyenda m'mwamba ndi pansi, ndi yofatsa kwambiri poyerekeza ndi grinder. Ngati cholinga chanu n'kusema kapena kusalaza, grinder ikhoza kugwira ntchito ndi disiki ya sandipepa, chotchinga chili pamalo pake, chogwirira cham'mbali chitamangidwa, manja onse awiri ali pa makina, magalasi ali kumaso. Thabwalo ligwidwe ndi vayisi kapena kilampu. Kachidutswa kakang'ono kogwira ndi zala, kapena thabwa lopondedwa ndi phazi, ndiko kumayambira ngozi zambiri zimene ndaziona.

Pali mnyamata wina amene nkhani yake imandiwawabe. Ankabwera kumalo anga ogwirira ntchito kudzatola zidutswa zotsala. Anali wodekha, wa manja aluso. Tigalimoto take tinali ndi zitseko zotseguka ndi magudumu oyenda mosagwedera, ndipo timahinji take ankapinda yekha ndi waya. Tsiku lina ankadula kathabwa kakang'ono, dzanja lamanzere litagwira kathabwako, lamanja lili pa grinder yochotsedwa chotchinga. Buledi inakola, inadumpha, n'kumudutsa m'chikhatho m'munsi mwenimweni mwa zala. Balalo silinali lalitali. Woyandikana naye nyumba, mmodzi wa anthu aja odziwa mankhwala a chilichonse, anathirapo mafuta a mabuleki, anamanga nsalu, n'kumuuza kuti kabala kotere sikopitira kuchipatala. Khungu linapoladi. Patapita milungu ingapo, kutupa kutatha, anazindikira kuti chala cha mkombaphala ndi chapakati sizikupinda. Pofika kuchipatala anamuuza kuti mitsempha yokoka zalazo inaduka tsiku lomwe lija, ndipo nthawi yoilumikiza mosavuta inali itadutsa.

Amabwerabe. Akafuna kutola msomali waung'ono pabenchi, amaukankhira m'mphepete kenako n'kuutsina ndi chala chachikulu ndi chachinayi, zala ziwiri zija zitangoti njo. Buledi inamuvulaza, koma chimene chinamulanda zalazo ndi kuchedwa ndiponso malangizo a munthu wosadziwa kanthu za dzanja.

Tamverani bwino apa. Zala zimapinda chifukwa cha mitsempha yolimba yochokera ku minofu ya mkono, kudutsa m'chikhatho mpaka kunsonga. Mtsempha woterewu ukaduka sulumikizana wokha, chifukwa mnofu umaukokera m'kati ndipo nsonga ziwirizo zimatalikirana. M'masiku oyambirira dokotala wa opaleshoni amatha kuusoka. Pakadutsa milungu umafupika, njira yake imatsekeka ndi chipsera, ndipo chotsala ndi maopaleshoni aakulu amene zotsatira zake sizifanana ndi zoyambazo. N'chifukwa chake kukula kwa bala pakhungu sikukuuzani kanthu. Mukachekedwa m'dzanja, yesani kupinda ndi kuwongola chala chilichonse, mfundo iliyonse payokha. Gwirani nsonga za zala mumve ngati pali dzanzi. Chala chimodzi chikakana kuyenda, kapena mbali ina ikachita dzanzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngakhale zonse zikuyenda, bala la buledi yamagetsi likaonedwe ndithu, chifukwa mtsempha wodukako theka umatha kudzamaliza kuduka patapita masiku, ndiponso m'katimo mumalowa utuchi ndi tizitsulo. Kuchipatalako akufunsaninso za katemera wa kafumbata.

Musalole munthu aliyense kuthira pabala mafuta a mabuleki, petulo, madzi a m'batire, phulusa kapena guluu womatira zinthu. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimachiza. Zimapsereza mnofu wamoyo umene dokotala akanasoka, ndipo zina zimalowetsa majeremusi m'kati. Magazi amaletsedwa ndi kupanikiza: nsalu yoyera pabala, kanikizani mwamphamvu, dzanja m'mwamba, osamatsegulatsegula kuti muone. Nsalu ikanyowa, ikani ina pamwamba pake. Mphete zivulidwe dzanja lisanatupe. Munthu wa jakisoni wa m'chikwama amene akuti akusokani pakhonde mumukane, chifukwa adzatseka khungu n'kusiya mtsempha woduka m'kati.

Chala chikadukiratu, musachitaye poganiza kuti basi zatha, ndipo musachiviike m'madzi kapena kuchiika pa ayezi mwachindunji, chifukwa ayezi amawononga mnofu. Chikulungeni m'kansalu koyera konyowa pang'ono, muchiike m'pulasitiki yomanga bwino, ndipo pulasitikiyo muiike m'madzi a ayezi. Kuzizira kumawonjezera maola amene chalacho chingapirire, koma ngati chingabwezeretsedwe kapena ayi, woweruza ndi dokotala, osati inu kapena woyandikana nanu. Wovulalayo asadye kapena kumwa kanthu panjira, popeza mwina alowa m'chipinda cha opaleshoni, ndipo asayendetse yekha galimoto. Mukafika, nenani nthawi yeniyeni imene ngoziyo inachitika komanso chida chimene chinamucheka.