Mbiri ya Ngongole za Lendi m'Nyumba za Makhonsolo ku Britain

Makhonsolo a ku Britain anayamba kumanga nyumba zochuluka zoti anthu opeza mochepa azichitamo lendi nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, pamene lamulo la 1919, lomwe nduna Christopher Addison inalitsogolera, linawapatsa udindo umenewu pamodzi ndi thandizo la ndalama za boma. Kwa zaka zambiri zotsatira, wotolera lendi ankayenda khomo ndi khomo sabata iliyonse, n'kumalemba m'kabuku ka banja lililonse ndalama zomwe walandira, kotero kuti bambo wa pakhomo akadwala kapena ntchito ikawathera, khonsolo inkadziwa ngongole isanakule.

Mkangano waukulu unabuka mu 1972, boma la Edward Heath litakhazikitsa lamulo lokakamiza makhonsolo kukweza lendi. M'tauni ya Clay Cross ku Derbyshire, makhansala 11 anakanitsitsa kuwonjezera paundi imodzi pa sabata, ndipo mapeto ake anawalamula kulipira ndalamazo kuchokera m'matumba mwawo, kenaka anawaletsa kukhalanso pa udindowo. Ku Kirkby, pafupi ndi Liverpool, alendi ananyanyala kulipira kwa miyezi 14. Ngongole ya masiku amenewo inali yochita kufuna, chida chomenyera ufulu, ndipo n'chifukwa chake siyenera kusokonezedwa ndi yomwe ikusautsa makhonsolo lero.

Lamulo la 1980, m'nthawi ya Margaret Thatcher, linasintha zinthu pawiri. Linalola alendi kugula nyumba zawo pa mtengo wotsika, ndipo ambiri amene anagula anali a ntchito zokhazikika, moti nyumba zomwe zinatsala m'manja mwa makhonsolo zinayamba kudzaza ndi okalamba, olumala ndi osowa ntchito. Linapatsanso alendi chitetezo chakuti khonsolo singawatulutse popanda kukhutiritsa khoti kuti pali chifukwa chomveka. Posakhalitsa boma linayambitsa Housing Benefit, thandizo la ndalama zolipirira lendi lomwe kwa alendi a khonsolo silinkadutsa n'komwe m'manja mwawo koma linkangolowa mu akaunti yawo ya lendi. Njirayi inali ndi zolakwika zake, makamaka kuchedwa kwa mafomu, komabe inkateteza mabanja ambiri ku ngongole.

Chitetezo chimenechi chinagwedezeka mu 2013. Kuyambira mu Epulo chaka chimenecho, munthu wa msinkhu wogwira ntchito amene boma linaona kuti ali ndi chipinda chogona chimodzi chosagwiritsidwa ntchito anayamba kudulidwa thandizo lofanana ndi 14 peresenti ya lendi, ndipo wa zipinda ziwiri kapena kuposerapo 25 peresenti, pamene m'madera ambiri nyumba zing'onozing'ono zoti asamukiremo kunalibe. Chaka chomwecho anayamba kukhazikitsa pang'onopang'ono Universal Credit, yomwe imaphatikiza mathandizo angapo, ndi la lendi lomwe, n'kuperekedwa kamodzi pa mwezi kwa mlendi mwiniyo, koma ndalama zoyamba zimafika patadutsa pafupifupi masabata asanu. Lendi siidikira masabata asanuwo. Banja lomwe lilibe kangachepe kosunga limayamba kale ndi ngongole lisanalandire kalikonse, ndipo ndalamazo zikafika zimapeza magetsi ndi chakudya zikudikira. Boma linkati cholinga chake chinali kuzoloweretsa anthu kuyendetsa okha ndalama monga amachitira olandira malipiro, koma n'kovuta kuimba mlandu wa kusasamala munthu amene ngongole yake yabadwa ndi ndondomeko ya boma lomwelo. Boma la Scotland linasankha kubwezera anthu ndalama zodulidwa chifukwa cha zipinda zija, ndipo kuyambira 2017 linalola alendi kupempha kuti gawo la lendi lizipita mwachindunji kwa mwini nyumba.

Ku England, kuyambira 2006 khonsolo siyenera kuthamangira kukhoti isanalankhule ndi mlendi, isanafufuze ngati pali thandizo lomwe likuchedwa, ndiponso isanayese kugwirizana naye za kubweza pang'onopang'ono. Mlandu ukafika kukhoti, woweruza nthawi zambiri amapereka chilolezo cholanda nyumba koma n'kuchiimitsa, bola mlendiyo azilipira lendi yake ndi kena kowonjezera sabata iliyonse.

Chomwe chimamanga makhonsolo manja n'chakuti ali ndi maudindo awiri otsutsana. Lendi ndi imene imalipira ntchito yokonza nyumbazo, chifukwa lamulo la 1989 linapatula thumba la ndalama za nyumba kuti lisamasakanizidwe ndi ndalama zina za khonsolo, motero ngongole ya mmodzi imachedwetsa kukonza denga la mnzake. Komabe chiyambire 1977 makhonsolo omwewo ali ndi udindo wothandiza osowa pokhala, ndipo ngakhale banja lotulutsidwa chifukwa cha ngongole lingaweruzidwe kuti linadziputira lokha vutolo, ngati muli ana khonsolo imakakamizikabe kulowererapo, kawirikawiri powalipirira malo ogona ongoyembekezera omwe mtengo wake umaposa lendi ya nyumba imene anatulutsidwamo.