Fern wamawangamawanga sakudwala, lekani kumuthira mankhwala

Pa ntchito yanga yosamalira maluwa palibe funso limene ndalimva kawirikawiri, ndiponso limene landitopetsa, kuposa ili: "Masamba a fern wanga ayera pakati, ndithire feteleza wanji kuti abiriwire?" Musathire kanthu. Fern ndi chomera cha masamba ooneka ngati nthenga, ndipo alipo a mitundu yambiri. Mzere woyera wodutsa pakati pa tsamba la mtundu wotchedwa Pteris cretica 'Albolineata', ngakhalenso utoto wotuwa wonyezimira wa Pteris ensiformis 'Victoriae', ndi chibadwa cha chomeracho, ndipo ndi chifukwa chenicheni chimene alimi a maluwa anachisankhira pakati pa zinzake. Chomera chanjala chimaoneka mosiyana kwambiri, chifukwa tsamba lonse limasanduka lachikasu kuyambira masamba akale a m'munsi, ndipo chomeracho chimapinimbira.

Mizu ya fern ndi yopyapyala kwambiri moti siipirira feteleza wambiri. Mchere wake ukaunjikana m'dothi, mizu imapsa, nsonga za masamba zimauma, ndipo pamwamba pa dothi pamaoneka zoyerayera. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwini wake akaona zimenezi amaganiza kuti njala yakula, n'kuwonjezeranso feteleza. Theka la muyeso wolembedwa pa paketi, kamodzi pamwezi, pa dothi lonyowa kale, ndiponso pa nyengo yokhayo imene chomera chikutulutsa masamba atsopano, n'lokwanira. Ngati mwapyola kale muyeso, tsukuluzani dothi ndi madzi ambiri mpaka atulukire pansi pa mphika.

Mawanga amasungidwa ndi kuwala koyenera. Ikani chomeracho pamalo owala koma pamene dzuwa siliomba masamba mwachindunji, popeza mbali zoyera ndi zimene zimayamba kupsa, pamene mumdima mawangawo amazilala. Mtundu wa Nephrolepis wotchedwa 'Tiger Fern' nthawi zina umatulutsa masamba obiriwira okhaokha. Amenewo aduleni patsinde msanga, chifukwa amakula mwamphamvu kuposa amawanga ndipo mukawalekerera amalanda mphika wonse.

Koma nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina amene anandibweretsera Pteris amene anamusamalira kwa zaka zambiri. Mayiyu anaona mizere yofiirira m'mphepete mwa masamba, kunsi kwake, ndipo wogulitsa mankhwala wina anawauza kuti ndi matenda oopsa amene afalikira ku maluwa onse. Anawagulitsa botolo lopanda dzina, lopanda muyeso, n'kuwalangiza kuti adule masamba onse okhala ndi mizereyo ndi kupopera otsalawo tsiku ndi tsiku. Pamene ndinkachiona chomeracho n'kuti masamba anthete, amene anali asanafunyuluke n'komwe, atada bii, ndipo panalibenso chopulumutsa. Chomeracho chinalibe matenda alionse. Fern sachita maluwa ndipo sabala njere. Amaberekana ndi fumbi losalala limene limapangidwa kunsi kwa tsamba, choncho mizere imene mayiyo anaiopa inali umboni wakuti chomera chawo chakhwima ndipo chili ndi thanzi.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta kwa munthu woleza mtima. Pa Pteris fumbilo limakhala mu mzere wautali wotsata mphepete mwa tsamba, pamene pa Nephrolepis limakhala m'timadontho tondandalikidwa bwino mbali zonse ziwiri za mtsempha wa tsamba. Tizilombo toyamwa madzi a chomera, tija tokhala ndi kachigoba kofiirira, timamwazikana mopanda dongosolo, timapezekanso pa timitengo ta masamba, timasiya zomatamata, ndipo mukatikanda ndi chikhadabo timachoka tathunthu. Ngakhale mutatipeza, yambani ndi kutichotsa ndi manja ndi kudula masamba ogwidwa kwambiri, chifukwa fern amapsa ndi mankhwala ambiri amene zomera zina zimapirira. Munthu aliyense wokugulitsani botolo losalembedwa, kapena mafuta onyezimiritsa masamba, musamumvere.

Chimene chiyenera kukuthamangitsani ndi china: masamba ofota pamene dothi lili lonyowa. Anthu ambiri amawonjezera madzi n'kudikira kuti aone, ndipo kudikirako ndi kumene kumapha chomera. Chizuleni mumphika tsiku lomwelo. Mizu yofewa, yonunkha, yonyenyeka mukaigwira ndi yowola. Iduleni, ndipo bzalaninso chomeracho m'dothi latsopano lotayana, mumphika woboola pansi, osakwirira pamtima pamene pamatulukira masamba. Kuwola kukafika pamtimapo, palibe mankhwala angachibweze. Mitundu ya fern yosungidwa m'nyumba imakula bwino pa kutentha kwa madigiri 16 mpaka 24, m'dothi lachinyezi koma losadikha madzi. Koma fern wina wamasamba otuwa wotchedwa Athyrium niponicum musamutaye akauma m'nyengo yozizira, chifukwa amayoyola masamba mwachibadwa ndipo amaphukanso kukayamba kufunda.