Lama, Ngamila Yopanda Linunda

Anthu ambiri akaona chithunzi cha lama amafunsa ngati n'zoona kuti imalavulira anthu. Imalavuladi, koma kawirikawiri imalavulira lama zinzake pokanganirana chakudya kapena ukulu m'khola. Ikakwiya kwambiri sikhala malovu chabe: imabzikula udzu wobiriwira wa m'mimba, wonunkha zoopsa. Chizindikiro chimakhalapo ndithu. Makutu ake aatali, opindika ngati nthochi, amagonera kumbuyo, mutu n'kudzuka. Mukaona zimenezo, patukani.

Kwawo kwa nyamayi ndi kumapiri a Andes ku South America, makamaka ku Bolivia ndi Peru. Ndi m'bale wa ngamila, ndipo anthu a kumeneko anaiweta kuchokera ku nyama yakutchire yotchedwa guanaco zaka zoposa 4,000 zapitazo. Mu ufumu wakale wa Inca, wa kumapiri komweko, munalibe akavalo kapena ngolo, choncho chimanga, mbatata ndi mchere zinkayenda pamsana pa lama.

Chimene ine chimandisangalatsa ndi khalidwe lake pa katundu. Lama yaikulu imasenza makilogalamu pafupifupi 25 mpaka 30, n'kuyenda nawo tsiku lonse m'njira zamiyala. Mukawonjezera, imangogwada pansi, n'kupinda miyendo, basi. Kukalipa, kukoka chingwe, zonse sizithandiza mpaka mutatsitsako thumba limodzi. Ena amati n'liuma. Ine ndimati ndi nzeru, chifukwa msana wake sunapangidwe kuti unyamule munthu wamkulu ngati wa bulu. Mapazi ake ali ndi zala ziwiri ndi kachikopa kofewa pansi, motero sagumula nthaka ya m'mapiri monga zimachitira ziboda. Magazi akenso amagwira bwino mpweya kumtunda kwa mamita 4,000, kumene mlendo amapuma mwawefuwefu.

Ubweya amalukira zingwe, matumba ndi zofunda, ngakhale wofewa kuposa pamenepo umachokera kwa alpaca, m'bale wake wocheperako. Nyama amaifutsa ndi mchere, n'kuitcha charqui. Ndowe nazo n'chuma. Gulu lonse limachita chimbudzi pamalo amodzi, ndiye kutola manyowa n'kosavuta, ndipo kumtunda kopanda mitengo ndowe zoumazo ndizo nkhuni.

Ku United States alimi ena anaipezera ntchito ina yaulonda. Amaika lama imodzi, nthawi zambiri yofulidwa, pakati pa nkhosa. Ikaona galu kapena coyote, chilombo chonga nkhandwe, imalira mokuwa, n'kuthamangira mdaniyo ikuponda ndi kumenya mateche. Koma ikhale imodzi yokha. Mukaika ziwiri zimayamba kucheza zokhazokha, nkhosa n'kuziiwala.