Mkangano wa miyeso yotalikirana ndi inzake: kuitaya kapena kuisunga?

Mkanganowu unayambira kwa akatswiri a nyenyezi. Mu 1852, Benjamin Peirce wa ku Harvard anakonza lamulo la masamu lotayira muyeso umene watalikirana kwambiri ndi inzake. George Airy wa ku Greenwich anatsutsa lamuloli mu 1856, ponena kuti muyeso sutayidwa chifukwa chongosiyana ndi inzake.

Gwero la vutoli ndi njira ya least squares, yojambulira mzere wodutsa pakati pa miyeso pa girafu, imene katswiri wa masamu Legendre anafalitsa mu 1805. Njirayi imachulukitsa mpata wa muyeso uliwonse kuchoka pa mzere ndi mpata womwewo, n'kusankha mzere umene zotsatirazo zikaphatikizidwa zimakhala zochepetsetsa, ndiye muyeso umodzi wakutali ukhoza kukokera mzere wonse kumbali yake.

Mu 1977, R. Dennis Cook anapereka choyezera chosavuta: chotsani muyeso umodzi, werengeraninso mzere, muone kuti wasuntha motani. Chimathandiza ngati muyeso wosokoneza uli umodzi, koma ikakhala ingapo imabisana.

Nyenyezi 47 za m'gulu la CYG OB1 zimaonetsa bwino zimenezi. Zambiri mwa izo zikamatentha kwambiri, zimawalanso kwambiri. Koma pali zimphona zinayi, nambala 11, 20, 30 ndi 34, zowala kwambiri ngakhale sizitentha ngati zinzake. Zinayizi zimatembenuza mzere wa least squares kuti uzitsika m'malo mokwera, ndipo popeza zaukokera pafupi, mipata yawo imaoneka yabwinobwino. Mukachotsa chimodzi, zitatu zotsalazo zimaugwirabe.

Njira ya Peter Huber ya 1964 imachepetsa mphamvu ya miyeso ya mipata ikuluikulu, kawirikawiri poika malire pa mpata wamba wa miyesoyo kuuchulukitsa ka 1.345, koma imagonjabe muyeso ukakhala patali kumbali ya x (mbali yopingasa ya girafu, imene pa nyenyezi zija ndi kutentha). Peter Rousseeuw ndiye anasintha zinthu mu 1984 ndi least median of squares, njira yoyang'ana mpata wapakatikati m'malo mophatikiza mipata yonse, imene siigwa ngakhale pafupifupi theka la miyeso litasokonekera. Victor Yohai anawonjezera njira ya MM mu 1987, yomwe lero mu pulogalamu ya pakompyuta ya R imapezeka pansi pa dzina loti lmrob.

Masiku ano timayamba ndi mzere wolimbawo, kenako n'kulemba miyeso yonse imene mpata wake wapyola mpata wamba kuuchulukitsa ka 2.5, ndi kuyezanso kutalika kwake kumbali ya x ndi njira yolimba. Muyeso wakutali mu x koma wogona pa mzere usiyeni, umathandiza.

Za kutaya, Airy anali ndi mfundo. Zimphona zinayi zija sizinayezedwe molakwika. Ndi nyenyezi za mtundu wina, zofunika kuziwerengera pazokha.